Kaundula ndi foni pansi pa mtengo ku Maseya

Tinatsika phiri la Thabwa m'mamawa, kuzizira kwa ku Blantyre kukutithera pang'onopang'ono. Titawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kulowa m'dera la Mfumu Maseya, thukuta linali kamukamu.

Pansi pa mtengo tinapeza sikelo ya ana ili m'kati. Mlangizi wa zaumoyo anali ndi kaundula wamkulu pamiyendo, foni ili pambali. Mwana akayezedwa, amalemba katatu: m'buku la kusikelo la mwanayo, m'kaundula, kenako m'foni. Tinawafunsa ngati kumeneku sikutaya nthawi. Iwo anangotilozera chikuto cha kaundula wakale, chothimbirira ndi matope.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anamiza midzi ya m'chigwa chino. Pepala likanyowa, mayina a ana osamaliza katemera amafufutika nalo limodzi. Zimene zatumizidwa kale pafoni sizipita ndi madzi. Foni imafulumiranso. Kudzera mu cStock, mlangizi amatumiza uthenga wonena kuti LA kapena Thanzi watsala wochepa, ndipo kuchipatala amamuyankha mankhwala akalongedzedwa, osapalasa njinga ulendo wachabe. Lipoti la papepala limadikira kutha kwa mwezi. N'chifukwa chake Unduna wa Zaumoyo ukufalitsa iCHIS, kaundula wa pafoni wa alangizi.

Koma namondwe yemweyo anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, m'boma lomweli la Chikwawa. Foni yopanda moto ndi mwala. Netiweki ikasowa, zolembedwa zimangokhala m'foni kudikira. Kaundula safuna kutchaja, ndipo mayi amatha kuona ndi maso ake pamene dzina la mwana wake lalembedwa.

Tinachoka tikuona kuti ziwirizi n'zofunika monga miyendo iwiri ya munthu. Koma buku lachitatu lija, limene mayi amabwerera nalo kunyumba, ndilo linatikhudza. Agogo ena anatulutsa la mdzukulu wawo m'jumbo yomanga kawiri. Madzi atalowa m'nyumba usiku, ananyamula mwana, Baibulo ndi jumboyo basi.

Pokwera Thabwa madzulo tinafunsana m'galimoto: kodi mabuku a ana athu ali pati? Mmodzi yekha mwa ife ndiye anayankha mosakayika. Mvula isanayambe, funsani funso lomweli kunyumba kwanu.