Oyilo wa Pansi pa Mtengo wa Mango

Kwathu ku Lifuwu, pabwalo la nyumba ya amalume, pali mtengo wa mango pamene timaimika lole yathu. Pansi pake pali banga lakuda, lalikulu ngati lichero, pamene udzu unaleka kumera. Ana akamasewera amalilambalala, nkhuku nazo sizipalasapo. Banga limenelo tinalipanga ndife, dontho ndi dontho, kwa zaka ziwiri.

Loleyo ndi Mitsubishi Fuso Fighter, ya injini ya 6D16 ya masilinda 6, imene idabwera m'dziko muno itagwira kale ntchito ku Japan. Tinaigula mosonkherana, ife abale awiri ndi amalume, ndipo ndiyo imadyetsa makomo atatu. Mpunga wa Kilombero ndi Faya ukakololedwa, timasenza matumba kupita nawo ku Lilongwe. Nyengo zina ndi usipa wouma wa amayi ageni. Ulendo wake ndi umodzi: kutuluka m'mchenga wa kuno, kudutsa pa boma la Salima, kenaka kukwera msewu wa M14 kudzera pa Mvera ndi pa Chezi mpaka ku Kanengo. Amene anakwerapo mapiri amenewo ndi katundu wodzaza akudziwa mmene injini imabuulira.

Titaona dontho loyamba sitinatekeseke. Madalaivala anzathu ankati lole ya dizilo yosadontha ndi imene mulibe oyilo, ndipo tinkaseka nawo. Tinagula chigubu cha 15W-40 n'kuchiika kuseri kwa mpando. M'mawa uliwonse tinkasolola ndodo yoyezera, kuipukuta, kuibwezera, kuisololanso, n'kuwonjezera pamene paperewera. Poyamba lita imodzi inkatifikitsa ku Lilongwe ndi kubwerako. Kenaka anakhala malita awiri. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa oyilo unakwera, ndipo amalume, amene amasunga kabuku ka ndalama, anayamba kutifunsa ngati loleyo imayendera dizilo kapena oyilo.

Apa m'pamene tinayamba ukatswiri wa pansi pa mtengo. Popeza oyilo ankadontha kuchokera pa sampu, tinati vuto ndi sampu. Tinamanga mabawuti ake ndi mphamvu zathu zonse, osadziwa kuti gasiketi ikafinyidwa mopitirira muyeso imaphwanyika n'kuyamba kutaya kuposa kale. Zitakanika, tinatsitsa sampuyo n'kupaka silikoni wochuluka, ngati tikuzira nyumba. Panapita sabata imodzi pansi pali pouma. Sabata yachiwiri banga linabwerera.

Tsiku limene tinachita mantha linali la mwezi wa June, tili ndi mpunga wa anthu asanu ndi mmodzi. Pa chitunda china chakufupi ndi Mvera injini inayamba kulira kwambiri koma lole osathamanga, ndipo fungo la chinthu chopserera linalowa m'kati. Kilatchi inali ikuterereka. Tinagona pamsewu, titatsamiza miyala ku matayala, mmodzi akulondera matumba. Mpungawo sunali wathu. Eni ake anali atatikhulupirira ndi thukuta lawo la chaka chonse, ndipo ena anali akudikira ndalamazo kuti alipirire ana sukulu.

Makaniko amene anabwera m'mawa mwake anatsitsa gearbox ndi flywheel, napeza kilatchi itanyowa oyilo. Anasintha kilatchiyo pamodzi ndi seal ya kumbuyo kwa crankshaft. Sitinganene kuti analakwitsa, chifukwa seal imeneyo inalidi itayamba kutulutsa. Koma sanafunse chimene chinaitulutsitsa, nafenso sitinafunse. Phindu la maulendo anayi linathera pamenepo, ndipo pasanathe mwezi mchenga wa pansi pa mango unanyowanso.

Amene anatitsegula maso ndi bambo wina wachikulire wa ku Salima, amene anagwirapo ntchito m'magalaja a malole ku Johannesburg. Atafika sanagwire sipanala. Anazungulira lole, nasuzumira pansi, nati: “Ana anga, injini yakuda chonchi siyankhula. Isambitseni kaye.” Tinafuna kuitsitsira kunyanja monga tinkachitira nthawi zonse, koma anakana. Anati oyilo amayandama n'kufalikira pamwamba pa madzi, ndipo pamene tikanatsukirapo ndi pomwe amayi amatsuka mbale ndi pomwe asodzi amakocheza mabwato. Tinachita manyazi, pakuti tinali titatsukirapo kambirimbiri. Tinaitsukira pamtunda ndi parafini ndi sopo waufa, titatchera mabeseni pansi.

Injini itauma, anapempha ufa wa m'khitchini, nauwaza pang'onopang'ono m'mbali mwa injini ndi kumbuyo kwake. Anatiuza kuti tilize, iye n'kukhala pa chitsa ndi tochi m'manja. Tinadikira nthawi yaitali ndithu, moti mkulu wathu anayamba kung'ung'udza kuti dizilo akungopsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pamapeto pake kamzere kakuda kanaoneka mu ufa muja. Kanayambira pamwamba penipeni, pa ngodya ya kumbuyo ya tappet cover, n'kutsetsereka m'mbali mwa injini mpaka kukafika m'mphepete mwa sampu. Oyilo amatsika, ndipo mphepo ya fani imamukankhira kumbuyo, choncho pamene amadonthera kawirikawiri si pamene watulukira. Sampu imene tinaizunza ija inalibe mlandu.

Koma bamboyo sanakhutire. Anati seal yatsopano ikayamba kunyowa msanga, ndipo gasiketi ya pamwamba nayo ikutaya, pali chimene chikukankha oyilo kuchokera m'kati. Anatilongosolera kuti mu injini iliyonse mpweya wina wa moto umadutsa pa maring'i a pisitoni n'kulowa kumene kumakhala oyilo. Mpweya umenewo uli ndi khomo lake lotulukira, kapaipi kotchedwa breather. Khomolo likatsekeka, mpweya umadzifunira njira, ndipo umaipeza pa seal ndi pa gasiketi iliyonse yofooka, makamaka injini ikamakoka katundu pa chitunda. Atamasula kapaipi kathu anakapeza katatsekeka ndi phala la fumbi losakanikirana ndi oyilo, louma ngati dongo. Fumbi la m'misewu ya m'minda ya mpunga linali litagwira ntchito yake mwakachetechete. Anatsegulanso chivindikiro cha pothirira oyilo injini ikulira, naikapo dzanja kuti amve mphamvu ya mpweya wotuluka. Anati maring'i atopa koma sanafe, tikhoza kuyenda nawo kaye.

Chimene chinatiziziritsa nkhongono ndi zimene zinatuluka atatsitsa sampu. Silikoni wathu uja anali atafinyikira m'kati, n'kuduka tizingwezingwe, ndipo tizingweto tinali titamatirira pa sefa ya paipi imene pampu imakokera oyilo. Sefayo ikanatsekeka yonse, mabering'i akanauma ndipo injini ikananoka. Bamboyo anatola kachingwe kamodzi, nakaika m'dzanja la amalume osanena kanthu.

Kukonza kwenikweni kunali kwa tsiku limodzi. Anapala zotsalira za gasiketi yakale mpaka chitsulo chitayera, nawongola mlomo wa sampu umene tinaupinda ndi mabawuti, naika magasiketi atsopano. Pomanga ankayambira pakati kupita kunja, modumphadumpha, ndi sipanala yoyeza mphamvu imene imalira ikafika pa muyeso. Anasinthanso wochara wa pa bawuti yotulutsira oyilo, kanthu kotsika mtengo kamene ife tinali tisanakasinthepo chigulireni loleyo. Oyilo wakale anamuthira m'chigubu natseka, natiletsa kumutaya m'ngalande zopita kuminda.

Tsopano madzulo aliwonse timayala katoni pansi pa injini, ndipo m'mawa timaiyang'ana tisanalize. Breather timaitsuka nthawi iliyonse tikamasintha oyilo. Kumbuyo kwa injini kumachitabe kachinyezi tikabwera ku Lilongwe, ndipo amalume atsegula tsamba latsopano m'kabuku kawo la ndalama za maring'i. Mchenga wakuda uja tinaukumba mpaka kufika m'mawondo n'kuthirapo wina, koma mvula ya chaka chino itagwa, udzu unamera mozungulira n'kusiya pakati.