Kanema Wolaŵitsa

Mayi wogulitsa mtedza wokazinga pamsika akaona kuti mukuzengereza kugula, amatapa njere zitatu kapena zinayi nakupatsani kuti mulaŵe. Sakupatsani zopserera ayi. Amasankha zonona, zokazingika bwino ndi zoloŵa mchere. Anthu opanga mafilimu nawonso ali ndi nzeru yomweyi. Filimu yatsopano isanatuluke, iwo amaduladula tizigawo take tokoma, natilumikiza kukhala kakanema kakafupi ka mphindi ziŵiri kapena ziŵiri ndi theka. M'Chingerezi kakanema kotere kamatchedwa trailer, koma ine ndidzakatcha kanema wolaŵitsa. Ndili ndi chifukwa chomudziŵira bwino kanema ameneyu, pakuti tsiku lina anagonetsa banja lathu mumdima.

Munali mu 1991, ndili m'Sitandade 5 monga inu. Pamsika wa kwathu panali kanyumba koonetsera vidiyo. M'katimo munali mabenchi, wailesi yakanema imodzi ndi makina oloŵetsamo matepi, ndipo mazenera anali otseka ndi nsalu zakuda. Kuseri kunkalira injini ya magetsi. Anyamata tonse a msinkhu wanga tinkakonda mafilimu a nkhonya ndi mateche. Aliyense ankafuna kukhala Bruce Lee, ngakhale mwini wakeyo anali atamwalira kale mu 1973, ife tisanabadwe.

Loŵeruka lina atsibweni anandilipirira pakhomo. Filimu yeniyeni isanayambe, tepi ija inatilaŵitsa filimu ina. Ng'oma zinagunda mofulumira. Munthu wina analumpha kuchoka padenga la nyumba, galimoto inaphulika moto uli laŵilaŵi, ndipo amuna aŵiri anaponyerana zibakera pamlatho. Tonse tinaimirira pamabenchi tikukuwa. Mwini kanyumba kaja anamwetulira nati, "Imeneyo ibwera Lachitatu."

Lachitatu litakwana, amayi anandiitana ndi kundipatsa ndalama ndi botolo.

"Ukagule palafini, ndipo usachedwe," anatero. "Achemwali ako aŵerenga usiku uno."

Achemwali anali m'Sitandade 8 ndipo mayeso ao akulu anali atayandikira. Ine ndinkadziŵa zimenezi. Komabe nditafika pamsika ndi kumva injini ija ikulira, miyendo yanga inandipititsa yokha kukanyumba kaja. Ndinabisa botolo m'malaya ndi kupereka ndalama ija pakhomo.

Zimene ndinaona m'menemo ndimazikumbukirabe. Kwa ola lathunthu ndi theka, anthu ovala majekete anangokhala m'maofesi nkumakambirana m'Chingerezi chimene sindinkachimva. Kulumpha kuja kunaoneka kamodzi. Galimoto ija inaphulika kumapeto kwenikweni. Nkhonya zapamlatho zinatha msanga kuposa nthaŵi imene munthu amatha kumwa chikho cha madzi. Zonse zokoma za m'filimuyo ndinali nditaziona kale Loŵeruka lija.

Ndinafika kunyumba kuli mdima, botolo lili gwa! lopanda kanthu. Amayi sanandimenye, ngakhale ndikanakonda akanatero. Anangomvetsera nkhani yanga yonse nati, "Mwana wanga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Usiku umenewo koloboyi sanayake. Achemwali anayesa kuŵerengera pamoto wa nkhuni mpaka maso ao anafiira ndi utsi, kenaka anatseka buku nakagona osandilankhula.

Nditakula ndinafuna kudziŵa kumene nzeru yonditchera msamphayi inachokera. Inayambira mumzinda wa New York ku America mu 1913. Munthu wina dzina lake Nils Granlund, amene ankagwira ntchito yoitanira anthu kunyumba zoonetsera kanema za a Marcus Loew, anajambula kakanema kakafupi koitanira anthu kuseŵero lina lapabwalo. Nzeruyo inakomera eni nyumbazo ndipo posachedwa anayamba kuchita chimodzimodzi ndi mafilimu. Poyamba tikanema timeneti tinkaonetsedwa filimu ikatha. Ndicho chifukwa chake anatitcha dzina lija la trailer, limene limatanthauza chinthu chotsatira pambuyo, monga ngolo imene imakokedwa ndi galimoto. Koma anthu ankanyamuka filimu ikangotha, osadikira. Choncho eni ake anatisamutsira kumayambiriro, ndipo dzina lokha ndilo linatsala monga linalili.

Ntchito yoyamba ya kanema wolaŵitsa ndi kukuuzani mtundu wa filimu. Kodi ndi yoseketsa, yoopsa, yankhondo, yachikondi kapena ya ana? Saŵerenga zimenezi ngati chilengezo cha pawailesi. Amakuuzani ndi zizindikiro, ndipo chizindikiro chachikulu koposa ndi nyimbo. Inu mukamva ng'oma usiku, mumadziŵa muli m'nyumba ngati kunjako kuli chimtali kapena gule wamkulu. Makutu amazindikira maso asanaone.

Mu 1975 kunatuluka filimu yotchedwa Jaws, imene anaitsogolera ndi Steven Spielberg. Imanena za shaki, chinsomba cholusa cha m'nyanja yamchere, chimene chinkagwira anthu osambira. Katswiri wopeka nyimbo, John Williams, anapeka nyimbo ya chinsombacho ndi maliwu aŵiri okha a mawu aakulu, obwerezabwereza, oyamba pang'onopang'ono nkumka nafulumira ngati mtima wa munthu wamantha. M'kanema wolaŵitsa wa filimuyi munali nyimbo imeneyi, zithunzi za pansi pa madzi, ndi liwu lalikulu la mwamuna wolankhula modekha. Munthu aliyense womva zimenezi ankadziŵiratu kuti akapita kukaonera, sakaseka.

Zizindikiro zina ndi kuŵala ndi liŵiro. Filimu yoopsa imalaŵitsidwa ndi mdima, zitseko zotseguka zokha ndi bata lalitali lotsatidwa ndi phokoso ladzidzidzi. Yoseketsa imabwera ndi dzuŵa, zovala zoŵala ndi munthu woterereka nkugwa. Yankhondo imasintha zithunzi mofulumira kwambiri kotero kuti diso silipeza mpata wopumula. Apa ndi pamene ine ndinagwera. Ndinaona zithunzi zambiri zikuthamanga ndipo ndinayesa kuti filimu yonse idzathamanga chomwecho.

Ntchito yachiŵiri ndi kusankha munthu womuitana. Msodzi wodziŵa saika nyambo imodzi pambedza zonse, pakuti chimene chimakopa mlamba sichikopa nsomba ina. Opanga kanema wolaŵitsa amayamba adzifunsa kuti, "Kodi filimuyi adzalipira ndani?" Akafuna anyamata, amatsogoza liŵiro ndi nkhonya. Akafuna makolo ndi ana ao, amatsogoza nyama, nyimbo ndi nthabwala. Nthaŵi zambiri filimu imodzi imakhala ndi akanema olaŵitsa angapo, aliyense ndi nyambo yake. Ku America amaikanso chikwangwani patsogolo pake: chobiriŵira chimasonyeza kuti kanemayo angaonetsedwe kwa anthu ambiri, pamene chofiira chimasonyeza kuti ndi wa akuluakulu okha.

Wolaŵitsa amene ine ndimamuyamikira koposa ndi wa filimu ya zithunzi zojambula pamanja yotchedwa The Lion King, imene kampani ya Disney inatulutsa mu 1994. Chakumapeto kwa 1993, m'malo moduladula tizigawo, iwo anangoonetsa chiyambi chonse cha filimuyo. Dzuŵa likutuluka, njovu, mbidzi, akadyansonga ndi mbalame zikukhamukira kuthanthwe lalikulu kukaona mwana wa mkango amene wangobadwa kumene. Panalibe wolankhula, koma nyimbo yokha. Mwana ankaona nyama zokongola, kholo linkaona ulemu wa ufumu, ndipo onse aŵiri ankafuna kudziŵa chotsatira. Komatu ngakhale ameneyu anabisa kanthu. Sananene kuti m'kati mwa nkhaniyo atate a kamkango kaja adzafa, ndipo ana ambiri analira pofika pamenepo.

Sindikunena kuti kanema wolaŵitsa aliyense ndi wabodza. Ambiri amanena zoona za mtundu wa filimu, chifukwa wogulitsa amene amanyenga anthu kaŵirikaŵiri amatsala yekha ndi malonda ake. Chimene ndikunena ndi chakuti amene amamupanga analembedwa ntchito yogulitsa. Angathe kutenga funso la kumayambiriro kwa filimu ndi kulilumikiza ndi yankho la kumapeto, nkuoneka ngati anthu aŵiriwo akukangana pamene m'filimumo sanakumane nkomwe. Angathenso kuikamo nyimbo imene simudzaimva m'filimu yeniyeniyo.

Mu 2019 kunatuluka filimu ya nkhani ya kwathu kuno, The Boy Who Harnessed the Wind. Imanena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene ali mnyamata anapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi. Filimuyi inajambulidwa ku Malaŵi konkuno ndipo muli Chicheŵa chambiri. Ine ndi mwana wanga wamkazi tinaonera wolaŵitsa wake palamya ya m'manja. Ndinaganiza kuti munthu wa ku London angakopeke ndi nkhope ya Chiwetel Ejiofor, katswiri wa mafilimu amene anaitsogolera naseŵeramo ngati atate a William. Ife chinatikopa ndi china: minda, nyumba ndi dothi zimene tinazizindikira kuti ndi zathu.

Titatha kuonera ndinati, "Tiyeni tionerenso, koma tsopano titseke mawu."

Mwanayo anadabwa, koma anavomera. Popanda nyimbo, zithunzi zija zinaoneka zofatsa, ndipo iye anayamba kuona zinthu zimene poyamba zinamudutsa. Kenaka anafunsa, "Atate, nanga zimene sanationetsezo ndi zotani?" Funso limeneli ine sindinalifunse mu 1991.

Achemwali anakhoza mayeso aja, ndipo anandikhululukira patapita masiku angapo. Koma kufikira lero akabwera kudzacheza kwathu, napeza wailesi yakanema ikulaŵitsa filimu yatsopano, amandiyang'ana cham'mbali nafunsa kuti, "Kodi achimwene, palafini uja mwagula?"