Kusokera thupi lililonse

Utelala ndinauphunzira pakhonde la sitolo ina ku Limbe, pa makina opalasa a Singer. Kwa zaka zambiri chomwe chinkandidyetsa sikunali kusoka zatsopano ayi, koma kukonza za pakaunjika. Uyu wabwera ndi thalauzi loti ndibweze m'chiuno, uyo diresi yoti ndifutukule, winanso jekete lokongola koma manja ake othera pachigongono. Zovala za m'mabelo zija anasokera anthu ena akutali, ndipo amene amapezamo zomukwana ndi wa thupi lapakatikati. Mayi wonenepa amavundukula mulu wonse n'kubwerako chimanjamanja. Ndikatenga tepi kuti ndiwayeze, ambiri ankayamba ndi kupepesa: "Pepani atelala, thupi langali ndi lovuta." Mawu amenewa ankandiwawa, ndipo ndi amene anandichititsa kuyamba kusoka zovala zangazanga, zokhala ndi chizindikiro changa pakolala, zoti aliyense alowe, asankhe, avale.

Ntchito yaikulu ili pa patani. Anthu amaganiza kuti sayizi yaikulu ndi yaing'ono yomweyo yongokuzidwa mbali zonse, koma thupi silikula choncho. Munthu akanenepa, mimba, chiuno ndi mikono zimakula kwambiri, pamene mapewa amangowonjezera pang'ono. Ukakuza zonse mofanana, msoko wa paphewa umagwera pamkono, khosi limayasama, ndipo munthu amaoneka ngati wavala thumba la chimanga. N'chifukwa chake malaya amodzi ndimawadulira mapatani awiri, ina yoyambira pa thupi laling'ono, ina pa thupi lalikulu, iliyonse yoyezedwa pa anthu enieni. Pomwe pamavuta koposa ndi m'khwapa. Pakathina, munthu sangakweze mkono kuti agwire chitsulo m'basi. Pakakula kwambiri, akakweza mkono malaya onse amakwera n'kusiya mimba pamtunda. Thalauzi nalo lili ndi pake: wa matako aakulu amafuna msoko wakumbuyo wautali, apo ayi akangowerama lamba amatsika.

Nsalu nayo ili ndi malire. Chitenje chimodzi chimakhala cha mamita 2, ndipo mulifupi mwake chimangopitirira pang'ono mita imodzi, choncho siketi ya munthu wa chiuno chachikulu siituluka popanda kulumikiza. Polumikizapo ndimaonetsetsa kuti maluwa akumana bwino pamsoko, ndiponso kuti duwa lalikulu lisagwere pakati pa mimba kapena pamatako. Ndimatha kuyendetsa patani pansalu, choko chili m'manja, kwa nthawi yaitali ndisanagwire sizasi. Zimenezi zimadya nsalu, ndipo anzanga ena amati wonenepa azilipira zambiri. Ine ndinakana. Mtengo wa nsalu ndimaugawa pa masayizi onse, malaya amodzi akhale ndi mtengo umodzi. Phindu limachepa pa zazikuluzo, inde, koma zidutswa zotsala ndimasokera matumba, makolala ndi zipewa. Sindingauze munthu kuti alipire chindapusa chifukwa cha thupi limene ali nalo.

M'shopu mwanga mulibe mbali ya amuna ndi mbali ya akazi. Zovala ndimazipachika potsata muyezo wa chifuwa, chiuno ndi kutalika. Mwa chizolowezi chomwe tinachipeza, malaya a amuna amakhala ndi mabatani kumanja, a akazi kumanzere. Ine ndimaika mbali imodzi pa onse, ndipo palibe amene anabwezapo malaya chifukwa cha zimenezi. Matumba ndimaika akuya pa chovala chilichonse, madiresi omwe, chifukwa mayi wogulitsa pamsika nayenso ali ndi foni ndi ndalama zosunga. Ena amandifunsa ngati kumeneku si kusokoneza chikhalidwe. Ndimawakumbutsa kuti azigogo athu aamuna ankamanga nsalu m'chiuno popanda wowaseka, ndipo kuti zoletsa zambiri zimene timaziyesa zamakolo n'zadzulodzulo. Lamulo la 1973 la kavalidwe ndi limene linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa pomwe dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Koma mantha anatsala. Mu Januwale 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre chifukwa chovala mathalauzi, mpaka amayi anzawo anasonkhana kudzudzula nkhanzazo. Mayi wachikulire akabwera kudzayesa thalauzi lake loyamba, n'kumayang'ana kuchitseko kawirikawiri, ndimadziwa kumene manthawo achokera. Ndimatseka katani, n'kumusiya ayime pagalasi mpaka atakhutira.

Pali matupi ena amene ife atelala timawaiwala. Woyenda panjinga ya olumala amakhala pansi tsiku lonse, choncho thalauzi lake liyenera kukwera kumbuyo, kutsika pang'ono kutsogolo, lopanda matumba akumbuyo kapena msoko wokhuthala umene ungamutupitse zilonda. Wa dzanja limodzi kapena wa zala zouma ndimamuikira zipi ya mphete yaikulu kapena zomata m'malo mwa mabatani. Abale athu achialubino amafuna manja aatali, kolala yophimba khosi ndi chipewa cha mlomo waukulu, pansalu yothinana ulusi koma yosatentha, chifukwa dzuwa limawononga khungu lawo. Mayi woyamwitsa ndimamubisira zipi pansi pa mpindiro wa pachifuwa. Zonsezi ndimazisoka pa nsalu zokongola zomwezo, n'kuzipachika pamodzi ndi zinzake, kuti munthu asaoneke ngati wavala za kuchipatala.

Ndalama sizibwera mwachangu. Masayizi akachuluka, katundu amagona pashelefu, magetsi akathima makina a ovaloko amaima, ndipo kaunjika adzakhala wotchipa kuposa ine mpaka kalekale. Chimene chimandisunga n'chakuti munthu amene wavutika zaka zambiri kupeza chomukwana, akachipeza amabweranso, ndipo amabwera ndi mchemwali wake.

Atelala anzanga, makamaka inu amene mukuphunzitsa achinyamata, musawaphunzitse kudula pa thupi limodzi lokha. Aitanireni wonenepa, wamfupi ndi wa panjinga kuti awayeze. Ndipo poyeza, musatchule nambala mokweza anthu ali pakhonde. Ilembeni m'kope mwakachetechete.