Madzi sadziwa mamita 30

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 kuchoka ku Lilongwe kulowera ku Kasungu anaonapo chilembo cha X pa makoma a magolosale ndi nyumba za m'mbali mwa msewu. Tanthauzo lake n'lodziwika: mwamanga pa malo a msewu, tsiku lina katapila adzakupezani. Kuyambira kale malamulo a misewu anapatula mamita 60 pa msewu waukulu, 30 mbali iyi ndi 30 mbali inayo, kuyeza kuchokera pakati pa phula.

Ine zimenezo sindikutsutsa ayi. Msewu umafuna malo oti udzakulire, komanso mapaipi a madzi ndi mapolo a magetsi amadutsa momwemo. Changa chodandaula n'choti malirewo amagwira ntchito mbali imodzi yokha. Munthu wakumudzi akalowetsa mzere umodzi m'malo a msewu, walakwa. Nanga msewu ukalowa m'munda mwake?

Malume anga ali ndi munda wa makolo m'boma lina la chigawo chapakati. Pamene msewu wakwawo unkakonzedwa, anabwera anthu ndi tepi, nayeza, nakhoma zikhomo. Malume anataya mizere khumi ndi mtengo wa mango, koma sananyinyirike. "Msewu ngwa tonse, mphwanga," anatero. Kenaka okonza msewuwo anaika kalavati ndi kukumba ngalande yotulutsa madzi. Ngalandeyo inathera pa chikhomo penipeni, kukamwa kwake kutaloza m'munda.

Mvula yoyamba itagwa, madzi onse a pa phula anatsata ngalande ija. Paja akulu anati madzi saiwala khwawa. Koma apa khwawalo anachita kuwakumbira anthu ophunzira. Pofika Febuluwale, pakati pa mundawo panali chigwembe chofika m'chiuno. Feteleza wa ngongole anapita ndi madzi, chimanga chinagona.

Atapita kukadandaula, anawafunsa funso limodzi: kodi ngalandeyo yapyola chikhomo? Iwo anati ayi. "Ndiye vuto lili pati, bambo?" Nkhani inathera pomwepo, eti.

Chonsecho Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 sabisa mawu. Gawo 28 likuti munthu asalandidwe chuma chake mwachisawawa. Gawo 44 likuti boma likafuna malo a munthu pa ntchito yothandiza onse, limudziwitse nthawi yabwino, limupatse chipukuta misozi choyenera, ndipo akhale ndi mwayi wokadandaula kukhoti. Tsono munda umene watengedwa ndi tepi amauwerengera, koma umene ukudyedwa ndi madzi chaka ndi chaka palibe amaulemba m'buku. Kwa mlimi kusiyana kwake kuli pati? Nkhokwe ikhala yopanda kanthu chimodzimodzi.

Ife a m'tauni timadziwa kulira. Mu 2021, mitengo ya m'mbali mwa Kenyatta Drive itadulidwa kuti msewu ukule, tinafuula pa wailesi, tinalemba m'nyuzipepala, ndipo akuluakulu anakakamizika kuyankhapo. Tinachita bwino. Koma tinamveka chifukwa mitengoyo inali pa njira yathu yopita ku City Centre. Chigwembe cha kumudzi sichioneka pa windo la galimoto yothamanga.

Zofunika si zambiri. Asanakumbe ngalande, akhale pansi ndi a mfumu ndi eni minda, agwirizane kumene madzi akathere. Aiwake ndi miyala mpaka ikafike ku khwawa lenileni. Owerengera chipukuta misozi abwerenso mvula ikatha, adzaone zimene madzi achita. Ndipo mlimi auzidwe m'chilankhulo chake ofesi yoti akagogode, osati kumangomutumiza uku ndi uku mpaka ndalama ya minibasi itatha.

Inu amene mukuwerenga muli pa khonde ku Area 47 kapena ku Area 10, ufa umene mwadya lero unachokera m'munda wa wina wake. Mukadzayenda pa msewu wouma bwino mvula ili mkati, mudzadzifunse kuti madziwo apita kwa yani.