Malita 50 a ku Cape Town

Nkhani ya malamulo osunga madzi m'tauni nthawi ya chilala imandikumbutsa Cape Town. Mvula itavuta zaka zitatu zotsatizana, mbali yaikulu ya damu la Theewaterskloof inasanduka mchenga, ndipo kuyambira pa 1 February 2018 khonsolo inalamula kuti munthu asapitirire malita 50 patsiku. Kumwa, kuphika, kusamba, kuchapa, kugejemula chimbudzi, zonse momwemo. Kuthirira maluwa ndi kutsuka galimoto ndi madzi a pampopi kunaletsedwa. Anachenjezanso kuti madzi m'madamu akatsika kufika pa 13.5 peresenti, mipopi itsekedwa, aliyense azikaima pamzere kutunga malita 25.

Tsikulo silinafike. Anthu anadziletsadi, ndipo ndimawayamikira. Koma chimandiwawa n'chakuti m'zisakasa za ku Khayelitsha amayi anali akuima kale pamzere ndi zidebe, mabanja ambirimbiri pampopi umodzi, chilala chisanabwere n'komwe. Iwowo akanachepetsanso pati? Ine ndikuti lamulo lotere liziyamba kugwira mwini dziwe losambiramo ndi kapinga wobiriwira, ndipo chindapusa chake chizikhala choti achimve kuwawa m'thumba.