Kacasu wa ku Mexico m'Mudzi wa Alberton

Abale anga a m'migodi, Loweruka lapitali ndinakwera takisi kunka ku Alberton, kumwera kwa Joni, kukaona mbale wanga wa ku Dedza. Iye agona ku Thokoza, koma nchito agwira m'tauni, m'nyumba yogulitsamo zakumwa. Alberton ndi mudzi wodziwa mowa, pakuti ku Alrode kuli fakitale yaikuru ya SAB. Koma cimene anandilawitsa mbale wangayo cinacokera kutali, ku dziko la Mexico. Dzina lace tequila.

Anaika timatambula titatu patebulo, nati, "Acimwene, yambani ndi mphuno, musathamangire kumeza."

Woyamba unali woyera ngati madzi, auchula blanco. Pfungo lace ndinalizindikira msanga, ndilo la khonje wongodulidwa kumene, ndipo m'kamwa unayabwa ngati tsabola. Sindinalakwe ai, cifukwa comera cimene aucezera ndico mbale wace wa khonje wathu uja tipotera zingwe. Acilima zaka zambiri, nadula masamba, naphika tsinde lace kufikira litatsekemera. Atatero ndipo afulula ndi kuceza monga acitira amai kwathu.

Waciwiri, reposado, ugona m'mbiya ya mtengo miyezi iwiri kapena kuposa, osafika caka. Unali wofiirira pang'ono, wonunkhira uci. Wacitatu, añejo, ugona caka cimodzi kufikira zitatu. Umenewu unatsika pakhosi mwaulemu ndithu, koma pfungo la khonje lija linatayika, kunatsala la mtengo ndi shuga wopserera. Azungu autama wacitatuwu. Ine mtima wanga unatsalira pa woyamba, pakuti unandikumbutsa kacasu wa mutu wa kwathu, ngakhale uwu ulibe utsi wa nkhuni.

Ndiri cilawire ndinakumbuka agogo anga amene anagwira nchito pa Joni kale. Masiku ao, caka ca 1962 cisanafike, munthu wakuda akapezeka ndi botolo la mowa wa Cizungu anali kumangidwa. Ine ndinakhala pampando poyera, wopanda wondifunsa.

Potsiriza ndinafunsa mtengo wa botolo la añejo. Mbale wanga atauchula, ndinaona m'maso mwanga malata a nyumba ya amai amene sindinagulebe. Ndinalipira timatambula tanga titatu, ndi kufunsa njira ya ku renki dzuwa lisanalowe.