Naphiri wa ku Bristol

Bambo wina wa ku Dedza, wa mfunda wa Phiri, adakula osalingalirako za khungu lake. Kumudzi munthu ankafunsidwa kuti ndi mwana wa yani, malume ake ndani ndipo mfumu yake ndi iti. Kuda kwa khungu sikudali nkhani pakuti aliyense adali wotero.

M'chaka cha 2002 adatsatira mkazi wake amene adapeza ntchito ya unamwino ku Bristol, monga adachitira anamwino ambiri a ku Malaŵi m'zaka zimenezo. Pokalembetsa sukulu mwana wawo wamkazi wobadwira komweko, adampatsa chikalata chokhala ndi timabokosi ta mitundu ya anthu. Funso lotere lidaloŵa m'kalembera wa ku Britain m'chaka cha 1991. Bamboyo adafunafuna pamene padalembedwa kuti Mcheŵa, koma sadapapeze. Adachonga pa "Black African", pamene iye, Msomali ndi Myoruba adaunjikidwa ngati mbatata m'dengu limodzi.

Kunyumba adalimbikira kumutchula mwanayo kuti Naphiri. Ankamulangiza kuti asamadziphatike kwa ana a anthu ochokera ku Jamaica poti mbiri yawo ndi ina. "Ife tidabwera pa ndege, mwa kufuna kwathu," ankatero. Adali malangizo achikondi, komabe adali opereŵera. Mlonda amene ankamulondalonda mtsikanayo m'sitolo ngati mbala sankafunsa za mfunda. Aŵiriwo ankakhala m'nyumba imodzi, koma wina adadziŵa kuti ndi wakuda atakula kale, pamene winayo adazidziŵira pabwalo la sukulu asadagulule mano.

Pa 7 Juni 2020, patapita masiku oŵerengeka George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis, khamu la anthu ku Bristol lidagwetsa chiboliboli cha Edward Colston, munthu amene adalemera ndi malonda a akapolo, ndi kuchiponya m'madzi padoko. Mtsikanayo, ali ndi zaka 17, adali m'khamumo. Atabwerera madzulo, atate ake adamufunsa mokalipa kuti, "Colston adakulakwira chiyani iwe? Makolo ako sadawoloke nyanja ya Atlantic!"

Iye adakhala pansi mwaulemu monga adamuphunzitsira, nati, "Bambo, nanga aja ankawolotsedwa ndi Jumbe pa Nkhotakota kunka ku Kilwa, sadali athu?"

Bamboyo adakhala chete kwa nthaŵi, maso ali pansi. Kenaka adamukankhira beseni la madzi. "Tasamba m'manja, Naphiri. Nsima ikuzizira."